Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko

Aliyense wa kwathu amene adakwerapo basi ya ku Joni, natulukira pa Mwanza, naoloka Zambezi pa Tete, nalowa m'dziko la Zimbabwe pachipata cha Nyamapanda, adafikapo kale kudera limene ndifuna kulikamba lero, ngakhale kuti mwina adalidutsa ali m'tulo. Pakuti basi ikatuluka m'kati mwa mzinda wa Harare kulinga ku Masvingo ndi ku Beitbridge, imatsata msewu wa Simon Mazorodze, ndipo nyumba zimene munthu amaziona kudzanja lamanzere asanafike pamphambano ya Mbudzi ndizo za ku Waterfalls. Kumeneko ndiko ndakalambira ine, mwana wa munthu wa ku Ntcheu amene adabwera kuno masiku a bungwe lolemba antchito la Mthandizi kudzafuna ndalama ya msonkho ndi ya bulangete, natchona monga adatchonera anzake ambirimbiri. Ndipo kumeneko ndiko ndidaonera ndi maso anga, m'chaka cha 2020 ndi cha 2021, chinthu chimene sindifuna kuti chitayike pamodzi ndi tinsalu totchinga kukamwa timene tidavula kalekale, ndicho chakuti lamulo limodzi, lolembedwa m'mawu amodzi kwa anthu onse, likhoza kukhala mthunzi kwa wina, nkukhala goli kwa mnzake wa tsidya lina la msewu womwewo.

Dera la Waterfalls lili ndi nkhope ziwiri. Pa nthawi ya atsamunda lidali la azungu, ndipo mpaka lero ku Parktown ndi ku Prospect mumapeza nyumba za mabwalo otakasuka, zozingidwa ndi mipanda ya njerwa, zambiri zokhala ndi mjigo wakewake ndi thanki ya madzi pansanja. Koma kuseri kwa nyumba zomwezo kuli tizipinda ta lendi momwe banja lathunthu limagona, kuphika ndi kusunga katundu, ndipo mukapitirira pang'ono chakummwera mumafika ku Hopley, kumene boma lidakatula anthu m'chaka cha 2005 litawagwetsera nyumba ndi misika pa chipasupasu chotchedwa Murambatsvina, chimene nthumwi ya bungwe la United Nations, mayi Anna Tibaijuka, idapeza kuti chidasiya anthu pafupifupi 700,000 opanda pogona kapena popezera chakudya. Amene adali ndi mudzi wobwererako adabwerera. Mwa otsalawo mudali ambiri a mtundu wathu, adzukulu a anthu a ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Chipata, amene mudzi wawo wonse udali komboni ya pafamu kapena ya pamgodi. M'mamawa uliwonse anthu a ku Hopley amalowa m'Waterfalls kudzachapa, kudzalima m'madimba a eni nyumba, kudzagulitsa tomato ndi masamba pafupi ndi masitolo a Zindoga, kudzasenza katundu wa apaulendo pa Mbudzi, ndipo madzulo amabwerera ndi kaufa kogula ndi ndalama ya tsiku lomwelo. Madera awiriwa ali ngati mphika ndi mafuwa: mphika uli pamwamba, mafuwa ali pamoto, koma nsima sipsa chimodzi chikasowa.

Ndisanapitirire, ndinene poyera kuti mliri wa Covid-19 sudali nthano, ndipo amene adatseka zitseko sadazitseke popanda chifukwa. Wodwala woyamba m'Zimbabwe adapezeka pa 20 Marichi 2020, ndipo patangopita masiku atatu mtolankhani Zororo Makamba, mnyamata wa zaka 30 wa m'banja lodziwika, adamwalira m'chipatala cha Wilkins, chimene chidapatulidwa kuti chilandire odwala nthendayi koma chidali chisanakonzeke. Pamenepo aliyense adazindikira kuti matendawa akanafalikira monga adachitira ku Italy, zipatala zathu sizikanausenza mtolowo. Imfayo sidaope mipando yaulemu, pakuti idatenga nduna Perrance Shiri mu Julayi 2020, idatenganso Ellen Gwaradzimba, Sibusiso Moyo ndi Joel Biggie Matiza mu Januwale 2021, mwezi womwewo umene kwathu ku Malawi tidataya nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, tsiku limodzi. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo mfumu imene yaona chilombo chikulowa m'mudzi sitingaidzudzule chifukwa yauza anthu kuti alowe m'nyumba. Mlandu wanga uli pena. Pamene Pulezidenti Emmerson Mnangagwa adalengeza pa 27 Marichi kuti kuyambira pa 30 Marichi dziko lonse likhale pa m'bindikiro wa masiku 21, umene pambuyo pake udatalikitsidwa kambirimbiri, lamulo lidathamanga nkufika pakhomo lililonse tsiku lomwelo, koma yankho la funso lakuti wopanda nkhokwe adzadya chiyani m'nyumbamo lidatsalira m'mbuyo, ndipo pamakomo ambiri silidafike konse.

Mawu akuti "khalani kunyumba" ndi aafupi, koma asenza zinthu zinayi zimene wowalankhula amayesa kuti womva ali nazo: nyumba yotakasuka kuti anthu atalikirane, madzi a pampopi osambira m'manja, chakudya chosungira, ndi malipiro amene amabwera kumapeto kwa mwezi ngakhale munthu asapite kuntchito. Tsono dziko limene lidamva mawu amenewa lidali litangotuluka m'chilala cha 2019. Mu Novembala chaka chomwecho nthumwi ya United Nations yoona za ufulu wa chakudya, mayi Hilal Elver, idachenjeza itayendera dzikoli kuti lili pakamwa pa njala, ndipo bungwe la World Food Programme lidawerengera anthu 7.7 miliyoni osowa chakudya chokwanira, opitirira 2 miliyoni mwa iwo okhala m'mizinda. Kafukufuku wa bungwe la IMF wa 2018 adaika Zimbabwe pa malo achiwiri padziko lonse, pambuyo pa Bolivia, pa kukula kwa malonda ndi ntchito zosalembedwa m'mabuku a boma, zimene zidapitirira magawo 60 pa 100 alionse a chuma chonse. Ndiko kunena kuti anthu ambiri a dziko lino amadya zimene manja awo agwira tsiku lomwelo. Pofika mu Julayi 2020 mitengo ya zinthu idali itakwera ndi 837 peresenti m'chaka chimodzi, kotero kuti ngakhale wamayi wanzeru amene adakwirira kandalama m'chitini, pokavundukula adapeza kasanduka mankhusu.

Pali mayi wina, mdzukulu wa munthu wa ku Dedza, amene kwa zaka zambiri adali kuyala tomato, anyezi ndi mpiru pasaka pafupi ndi chipata changa, ndipo tinkacheza m'Chichewa chathu cha kuno, chothiridwa Chishona apa ndi apo. Tsiku lachinayi la m'bindikiro, kusanache bwino, ndidamva kugogoda kwa mantha pachipata, ndipo nditatsekula ndidampeza ataima ndi beseni lovundikira chitenje, mapazi ali mbuu ndi fumbi, pakuti adadzera tinjira ta m'thengo kulambalala apolisi a pamsewu. Ndidati, "Mwana wanga, kodi simudamve kuti aletsa kuyenda?" Iye adagwada, navundukula beseni, momwe mudali tomato wofewa wotsala pa oda wa sabata yapitayo, nati, "Ndidamva, agogo. Koma matendawo tikungowamva pawailesi, pamene njala yagona nafe pamphasa. Ana adadya phala lopanda shuga dzulo m'mawa, basi." Ndidagula tomatoyo, iye nabwerera mothamanga dzuwa lisanatuluke, ndipo ine, amene ndidali ndi mjigo pakhomo, thumba la ufa m'chipinda, ndi mwana wonditumizira ndalama kuchokera kunja, ndidakhala pakhonde nthawi yaitali ndikulingalira mwambi wa makolo wakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lamulo limene kwa ine lidali mpumulo wa pakhonde, kwa iye lidali kusankha pakati pa ndodo ya wapolisi ndi kulira kwa mwana.

Taonani m'mene lamulo lomwelo lidagawira anthu pa chinthu chilichonse. Tidauzidwa kusamba m'manja kawirikawiri ndi madzi oyenda, pamene ku Hopley madzi amatungidwa m'zitsime zokumba pamanja zoyandikana ndi zimbudzi, ndipo m'madera ena a Harare mipopi imakhala youma masabata athunthu. Motero amayi ndi atsikana, amene adaletsedwa kusonkhana m'tchalitchi, ankasonkhana pamjigo ndi zigubu zawo kuyambira m'bandakucha, mapewa akukhudzana, mpaka bwalo lalikulu la milandu lidachita kulamula kuti akuluakulu a mzinda apereke madzi kwa anthu pa nthawi ya m'bindikiro. Makombi adaletsedwa, nkutsala mabasi a boma a ZUPCO okha, amene adali ochepa, kotero kuti mwini galimoto ankayenda yekhayekha motetezeka, pamene wosauka ankapanikizana pamzere. Pazipingo za apolisi munthu ankafunsidwa kalata yochokera kwa abwana ake. Koma wosoka nsapato, wometa tsitsi, wowotcherera zitsulo, wogulitsa kaunjika, amene bwana wake ndi iye mwini, akanampatsa kalata ndani? Pofika pakati pa Julayi apolisi adalengeza kuti amanga anthu opitirira 100,000 chifukwa chophwanya malamulo a m'bindikiro, ndipo sipafunika mlauli kuti atiuze ngati ambiri a iwo adali a m'mipanda ya njerwa kapena a m'tizipinda ta lendi.

Chimene chidandiwawa koposa ndi nkhani ya misika. Masitolo akuluakulu adaloledwa kutsekula, ndipo tomato wa pashelefu adali wololedwa, pamene tomato wa m'munda womwewo, akakhala pasaka la mayi wamasiye, adali mlandu. Pa 3 Epulo 2020, pamsika wa Sakubva mumzinda wa Mutare, apolisi adalanda ndiwo zamasamba ndi zipatso za alimi nazitentha, m'dziko limene mamiliyoni adali kugona ndi njala, mpaka mtsogoleri wa dziko adachita kulamula kuti alimi aziloledwa kufikitsa zokolola kumisika. Muno m'Harare akhonsolo, poona kuti eni ake atsekeredwa m'nyumba, adagwetsa mabenchi ndi tizisakasa ta mavenda ku Mbare, ku Highfield ndi kwina, ponena kuti akuyeretsa mzinda, ndipo msika wa kaunjika wa Mupedzanhamo udakhala wotseka nthawi yaitali zoletsa zina zitachotsedwa kale. Kwa anthu a ku Hopley, amene adaonapo kale akatapila m'chaka cha 2005, lidali bala lakale lotukulidwanso. Ndikaganiza za zimenezi ndimakumbukira fanizo limene mneneri Natani adaphera mfumu Davide, la munthu wa nkhosa zambiri amene adakatenga kankhosa kamodzi kokha ka mnansi wake wosauka. Pakuti benchi la venda, ngakhale likhale la matabwa ofumbwa, ndilo kankhosa kake, ndilo munda wake, ndilo fizi ya mwana wake.

Boma lidalonjeza thandizo la ndalama kwa mabanja ovutika, limene lidafika pa madola a Zimbabwe 300 pamwezi, ndalama imene pa nthawiyo sinkakwana madola asanu a ku America, ndipo ambiri olembedwa maina adaidikira miyezi. Koma pano padabisala minga ina imene idalasa makamaka anthu a mtundu wathu. Ndalamayo inkadzera pafoni, nambala ya foni imalembetsedwa ndi chitupa, ndipo chitupa ndicho chimene adzukulu ambiri a matchona alibe. Lamulo la unzika la 2001 lidasandutsa alendo anthu obadwira kuno amene makolo awo adachokera kunja; malamulo oyendetsera dziko a 2013 adabwezera unzika kwa obadwira kuno a makolo ochokera m'maiko a SADC, koma munthu amene mayi ake adamwalira pafamu opanda pepala lililonse, amakasonyeza chiyani kuofesi? Bungwe la Amnesty International lidalemba za mavuto a anthu otere mu Epulo 2021, ndipo maofesi olembetsa zitupa, amene akanawamasula, adali atachepetsa ntchito zawo chifukwa cha mliri womwewo. Masiku atatu aja a pakati pa chilengezo ndi m'bindikiro, anansi athu Achishona ambiri adadzaza mabasi pa Mbare kupita kumidzi kwawo, kumene kuli nkhokwe, dimba ndi agogo. Ife otchedwa Mabhurandaya, potengera dzina la Blantyre, tidalibe kolowera, pakuti mudzi wathu uli tsidya la malire awiri, ndipo malirewo adali otseka.

Wina angayankhe kuti dziko lidali losauka ndipo silikanatha kudyetsa onse. Zoona, chuma chidali chochepa. Koma pakati pa chaka chomwecho padamveka nkhani ya mgwirizano wa madola a ku America pafupifupi 60 miliyoni wogulira zipangizo za mliri ku kampani ya Drax International, imene idachititsa kuti nduna ya zaumoyo, Obadiah Moyo, imangidwe mu Juni ndi kuchotsedwa paudindo mu Julayi 2020, ngakhale kuti bwalo lalikulu pambuyo pake lidathetsa mlandu wake. Ndipo mtolankhani Hopewell Chin'ono, amene adali m'gulu la oulutsa nkhaniyi, adamangidwa pa 20 Julayi. M'masiku omwewo anamwino a m'zipatala za boma adali atanyanyala ntchito chifukwa malipiro awo adali atasungunuka ndipo adalibe zodzitetezera, ndipo usiku umodzi kumapeto kwa Julayi, pachipatala chachikulu cha Harare Central, ana asanu ndi awiri adabadwa akufa. Ana amenewo sadawerengedwe pa chiwerengero cha ophedwa ndi Covid-19 chimene chinkalengezedwa madzulo aliwonse. Sadawerengedwenso mayi amene adachirira panjira posowa galimoto usiku umene kuyenda kudaletsedwa, kapena wodwala shuga, wa kuthamanga kwa magazi, wa chifuwa chachikulu ndi wa ma ARV amene adabwezedwa pachipingo alibe kalata. Wopeza bwino akadwala ankapita kuchipatala cholipira, kumene ankafunsidwa madola a ku America zikwi asanagonekedwe, kapena ankagula botolo la mpweya nkuikira wodwala kunyumba. Wosauka ankafukiza masamba a zumbani pansi pa bulangete, napemphera.

Makolo adati nkhuyu zodya ana zipota akulu, koma pamenepa mwambi udatembenuka, pakuti zodya akulu zidapota ana. Sukulu zidatsekedwa pa 24 Marichi 2020 ndipo zidayamba kutsekulidwa pang'onopang'ono mu Sepitembala, nkutsekedwanso m'chaka chotsatira. M'nyumba za mipanda mwana ankakhala patebulo ndi kompyuta, mphunzitsi akumlankhula pa intaneti. Ku Hopley mwana wa msinkhu womwewo ankakhala pamzere wa madzi, kapena kulera ang'ono ake pamene mayi ali kubisalabisala ndi beseni. Pa mayeso a Giredi 7 a 2020 adakhoza ana 37 okha pa 100 alionse, kutsika kuchokera pa pafupifupi 47 chaka chapitacho, ndipo nduna yoona za amayi, Sithembiso Nyoni, idauza nyumba ya malamulo kuti m'miyezi iwiri yokha, Januwale ndi Febuluwale 2021, atsikana pafupifupi 5,000 adatenga pakati ndipo oposa 1,700 adalowa m'banja akadali ana. Sitolo yotsekedwa imatsekulidwanso, ndege yoimitsidwa imaulukanso. Koma mwana wamkazi amene wachoka m'kalasi ali ndi zaka 15 nabereka ali ndi zaka 16, chaka chimene adataya amachisenza moyo wake wonse, ndipo mwana wakeyo adzachisenzanso. Madzi akatayika saoleka.

Pamenepa nkoyenera kutembenuzira maso kwathu, pakuti Malawi adadzera njira ina. Pa 14 Epulo 2020 boma la Pulezidenti Peter Mutharika, kudzera mwa nduna ya zaumoyo Jappie Mhango, lidalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo. Mavenda a ku Blantyre ndi ku Mzuzu adatuluka m'misewu kukana, ndipo bungwe la Human Rights Defenders Coalition lidakatenga chiletso kubwalo lalikulu, chimene woweruza Kenyatta Nyirenda adapereka pa 17 Epulo, kutatsala tsiku limodzi. Mu Sepitembala chaka chomwecho oweruza atatu adagamula kuti malamulo a m'bindikirowo adali otsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, ndipo mwa zifukwa zawo mudali chakuti boma silingatsekere anthu m'nyumba lisanakonze m'mene osauka adzakhalire ndi moyo. Sindinena kuti kwathu zonse zidayenda bwino, pakuti ndalama ya K35,000 pamwezi imene idalonjezedwa kwa mabanja pafupifupi 172,000 a m'mizinda idachedwa kufika, abale athu obwerera kuchokera ku Joni adasungidwa mosayenera pabwalo la Kamuzu mpaka mazana adathawapo, ndipo K6.2 biliyoni ya mliri idasakazidwa m'njira zimene kafukufuku wa boma adaziulula m'chaka cha 2021. Komabe chigamulo chija chidaika m'mabuku a malamulo nzeru imene agogo athu adali nayo kale, yakuti woika namwali m'tsimba ndiye amamtumizira nsima.

Msewu umene umalekanitsa Waterfalls ndi Hopley umalekanitsanso maiko. Dziko la Britain lidayamba kubaya anthu ake katemera pa 8 Disembala 2020, ndipo maiko olemera adagulatu katemera wochuluka kuposa anthu awo, pamene Zimbabwe idalandira katemera wake woyamba, wa Sinopharm wokwana 200,000 wa mphatso yochokera ku China, pa 15 Febuluwale 2021, maliro a Januwale atapita kale. Pempho limene India ndi South Africa adapereka ku bungwe la World Trade Organization mu Okutobala 2020, lakuti umwini wa nzeru zopangira katemera ndi mankhwala uyambe waimitsidwa kuti maiko ena apange okha, lidakokedwakokedwa mpaka Juni 2022, nkuvomerezedwa litadulidwa nthambi zambiri. Ndipo mu Novembala 2021, akatswiri a ku Botswana ndi ku South Africa, mmodzi wa iwo Sikhulile Moyo wobadwira m'Zimbabwe muno, atazindikira mtundu watsopano wa kachilomboka wotchedwa Omicron nauza dziko lonse mokhulupirika, mphotho yathu idali kutsekeredwa zitseko ndi Britain, America ndi maiko ena, Zimbabwe, Malawi ndi Mozambique ali pamndandanda womwewo. Chimene eni mipanda adachitira mayi wa beseni, maiko a mipanda adachitira ife tonse.

Tsono tikaika zonse pasikelo tipeza chiyani? Mabuku a boma amati m'Zimbabwe mliriwu udapha anthu opitirira 5,700, ndipo ndikhulupirira kuti zoletsa zina, monga kuchepetsa misonkhano ndi kuvala zotchinga kukamwa, zidapulumutsa miyoyo imene sitingathe kuiwerenga. Koma Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idapeza kuti m'chaka cha 2020 anthu a mu umphawi wadzaoneni m'dziko lino adafika 7.9 miliyoni, pafupifupi theka la mtundu wonse, ndipo 1.3 miliyoni a iwo adagwera m'dzenjemo chaka chomwecho. Chitetezo cha m'bindikiro chidagwera onse, monga mvula igwera munda wa wolemera ndi wa wosauka. Mtengo wake ndiwo sudagawidwe mofanana, pakuti adaulipira ndi venda, waganyu, wantchito wa m'nyumba amene adauzidwa kuti ayambe wakhala kwawo popanda malipiro, ndi mwana wamkazi wa mayi wamasiye. Ngati mudzi wagwirizana kuti ena aleke kulima kuti onse apulumuke, ndiye kuti mudziwo uli nawo ngongole, ndipo chimene uwapatsa si mphatso yachifundo ayi, koma kubweza kwa mangawa.

Mliri wina udzabwera, ndipo sitiyenera kuyembekeza mneneri kuti atiuze, pakuti kolera idapha anthu opitirira 4,000 m'dziko lino m'zaka za 2008 ndi 2009, idabweranso ku Glen View ndi ku Budiriro mu 2018, nkubweranso mu 2023, nthawi imene kwathu ku Malawi idatenga miyoyo yopitirira 1,700. Yosefe adamanga nkhokwe za Farao m'zaka za dzinthu, njala isanagogode. Momwemonso ino ndiyo nthawi yakuti maboma athu alembe maina a mabanja ovutika mudzi ndi mudzi, komboni ndi komboni, ndi kupereka chitupa kwa aliyense wobadwira m'dziko, kuti pa tsiku la tsoka thandizo lipeze munthu pakhomo. Ino ndiyo nthawi yofikitsa mipopi ku Hopley, ku Ndirande, ku Mtandire ndi ku Kanyama, pakuti mpopi umodzi umaletsa matenda ambiri kuposa apolisi khumi. Kulembedwe m'malamulo kuti msika wa osauka usatsekedwe pamene sitolo ya olemera ili yotsekula, koma utambasulidwe, mabenchi atalikirane, pakhale madzi ndi sopo pakhomo pake. Kuti chipatala cha amayi oyembekezera ndi zenera lolandirira mankhwala zisatsekeke tsiku ndi limodzi lomwe. Ndi kuti pabwalo lokonza zoletsa pazikhala venda, mzamba, mphunzitsi wa m'komboni ndi dalaivala wa kombi, pakuti nzeru zayekha adaviika nsima m'madzi.

Kwa ife eni Chichewa a kuno ndili ndi mawu enanso. Makolo athu, pokhala alendo opanda mbumba, adayambitsa mabungwe a maliro kuti mtchona asaikidwe ngati galu, ndipo mabungwewo, pamodzi ndi mipingo yathu monga Sinodi ya Harare ya CCAP, mizikiti ya abale athu Achiyao ndi madambwe a Gule Wamkulu, ndiwo akhala mudzi wathu m'dziko la eni. M'masiku a mliri, pamene opita kumaliro adachepetsedwa kufika pa 30, tidaona kuti thumba limene lingathe kugula bokosi lingathenso kugula ufa, ndi kuti kaundula wa mamembala a bungwe amadziwa bwino mayi wamasiye ndi mwana wamasiye kuposa kaundula wa boma. Tisadikire kuti munthu afe kuti timsonkhere. Tiike padera kathumba ka amoyo, tithandizane kulondola zitupa za ana athu, ndipo ife amene Mulungu adatipatsa mjigo m'kati mwa mpanda titulutse paipi kunja kwa chipata, pakuti mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Mayi uja adabwerera pamalo pake m'bindikiro utatha, ndipo lero lomwe saka lake lili pafupi ndi chipata changa, milu ya tomato itandandalikidwa bwino monga kale. Pambali pake pamakhala mwana wake wamkazi woyamba, amene mu Marichi 2020 ankadutsa pano m'mawa ndi yunifolomu ndi chikwama cha mabuku, nandipatsa moni wa Chingerezi kuti ndimve m'mene waphunzirira; tsopano amawerenga chenji, mwana ali kumbuyo, ndipo akandiona amagwada nati, "Mwadzuka bwanji, agogo?" Bungwe la World Health Organization lidalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti nthawi ya ngozi yatha, ndipo kwa ife a m'mipanda idathadi, koma pasaka paja ikadalipo, ndipo idzakhalapo mpaka kamwana kali kumbuyoko kadzalowe m'kalasi ndi kumaliza. Chifukwa chake ndikupempha akuluakulu a ku Harare, a ku Lilongwe, a ku Lusaka ndi a ku Maputo, amene tsiku lina adzakhalanso pansi kulemba lamulo lotseka zitseko, kuti asanakhudze cholembera adzayambe atumiza munthu kukaona chimene chili mumphika wa nyumba yotsiriza ya ku Hopley. Pakuti akapeza mulibe kanthu, adziwe kuti chitseko chimenecho chidzatsekuka tambala asanalire, ndipo mlandu sudzakhala wa wotsekulayo.